Mbaniro Makumi Atatu ndi Kapu Imodzi ya Tiyi

Tsiku limene nkhanu inawapana chala, a Mbaniro anali atavala malaya oyera, aja amavala kamodzi pa sabata. Mvula inali itangokata kumene, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana ndi yawo, amene msewu wonse umawatchula kuti a Wayilesi chifukwa nkhani imafika kwa iwo isanachitike n'komwe, anagwetsera kiyi wa nyumba yawo m'ngalande. Kiyiyo anatsetsereka n'kukalowa m'paipi ya pansi pa kamlatho. A Mbaniro ndi mmisiri wosula zitsulo, ndipo pakhoma la shedi yawo pamalendewera mbaniro zoposa makumi atatu, zazitali ndi zazifupi. Akanatha kupita kukatengako imodzi. Koma a Wayilesi anali ataima pomwepo, manja m'chiuno.

"Alamu, mwamuna wathunthu mpaka kukatenga chitsulo chifukwa cha kakiyi?"

Mwamuna akanenedwa choncho anthu akumva, nzeru zimatsikira kumapazi. A Mbaniro anagona chafufumimba m'matope n'kupisa mkono m'paipimo mpaka paphewa. Anapapasa, anapapasanso. Kenaka nkhope yawo inasintha ngati ya munthu amene wakumbukira kuti wasiya poto pamoto. Atatulutsa mkono, kiyi anali m'dzanja ndithu, koma pachala chachikulu panali patalendewera nkhanu, yaikulu ngati chivundikiro cha kapoto.

Anthu sachedwa kusonkhana pa zoterezi. Wometa tsitsi anasiya munthu wometedwa mbali imodzi n'kubwera ndi mwala. A Mbaniro anamukaniza. Misozi ili lengelenge m'maso, anakweza dzanjalo kufupi ndi mphuno n'kumayang'anitsitsa mdani wawoyo.

"Taimani kaye. Taonani mbaniro imeneyi m'mene inapangidwira. Mano atatu kutsogolo, limodzi lalikulu kumbuyo, msomali wapakati osaoneka. Amene anasula iyi ndi mmisiri."

Anawalanditsa ndi akazi awo. Anabwera osathamanga, anawagwira pamkono, anawatsogolera kunyumba ngati mwana wokana jakisoni, n'kuviika dzanja lonse m'beseni la madzi. Nkhanu itamva madzi inalekerera yokha. Mayiwo ndiwo sanalekerere msanga. Anapitiriza kugwira dzanjalo, akulitsuka matope pakati pa zala. A Mbaniro analibweza mofulumira n'kulibisa m'thumba, lili chinyowere.

"Ndikudetsani, amake mwana," anatero.

Pa ngozi imeneyi munthu akanatha kutolapo maphunziro angapo. A Mbaniro anatolapo limodzi: dzanja lopanda chitsulo ndi ndiwo ya nkhanu.

Dzina lawo lenileni lilipo, lili pachiphaso, koma mukalitchula mumsewumo anthu adzakulozerani kwina. La Mbaniro analipeza akuphunzira ntchito kwa mkulu wina wa chipala, posulira zitsulo paja, amene anali ndi lamulo limodzi lokha. Ankati chitsulo chofiira sichiotcha munthu, chifukwa aliyense amachiona. Choopsa n'chakuda, chimene chatseka maso koma moto chikadali nawo m'mimba. Choncho chilichonse chogona pansi uchitole ndi mbaniro, ngakhale chikhale kuti chagona pamenepo kuyambira dzana. A Mbaniro anaphwanya lamulolo kawiri, ndipo zikhatho zawo zikusungabe umboni. Kachitatu sanayerekeze. Vuto n'lakuti lamulolo anapita nalo ndi kunyumba komwe. Kalata ikagwa pansi, mbaniro. Sokosi ikalowa pansi pa bedi, mbaniro. M'thumba la malaya, m'mene amuna anzawo amaikamo cholembera, iwo mumakhala kambaniro kakang'ono kozulira minga.

Mukafuna kuti tsiku lanu lithe osagwira ntchito, afunseni kuti mbaniro n'chiyani. Adzakukhazikani pachitini cha penti n'kuyamba kutsitsa za pakhoma imodziimodzi. Iyi ya milomo yafulati ndi ya makasu. Iyi ya milomo yozungulira ndi ya mapaipi ndi mabawuti. Iyi yaitali ngati mwendo wa kakowa ndi yovuulira zinthu pakati pa makala. Pulayazi, m'kuona kwawo, ndi mbaniro yomweyo, kungoti inapita kusukulu n'kubwerako ndi dzina lachilendo. Chozulira mano cha kuchipatala ndi mbaniro yovala yunifolomu. Zopanira zovala pachingwe ndi zidzukulu. Nkhanu ili nazo ziwiri, chinkhanira chilinso nazo ziwiri, kuwonjezera mwano kumchira. Wometa tsitsi uja anayesapo kuwakola.

"Nanga zikhadabo za mphamba, mdala, si mbaniro zimenezo?"

A Mbaniro anapukusa mutu ngati amva za munthu amene wasochera. "Zikhadabo zimalanda, achimwene. Mbaniro imagwira chimene dzanja silingathe, n'kuchifikitsa, n'kuchisiya chili bwinobwino. Munamvapo kuti mphamba wabweza mwanapiye?"

Chinsinsi cha ntchito yawo amachiulula kwa aliyense, ngakhale wosafunsa. Mbaniro sumangosula n'kumafunafuna choti igwire. Umayamba waona chinthucho. Kenaka umafiiritsa milomo ya mbaniro pamoto, n'kuitsekera pachinthupo, n'kumagogoda pang'onopang'ono ndi hamala mpaka milomoyo itatenga maonekedwe ake. Mbaniro yosayeza ndi imene imakuponyera chitsulo chamoto paphazi.

Za manja awo obisika m'matumba, chiyambi chake amachidziwa ndi a Wayilesi, monga amadziwira chiyambi cha zonse. Akuti pamene a Mbaniro ankafunsira mbeta, akazi awowa anali mtsikana wosoka zovala, ndipo tsiku lina anavala diresi lachikasu lodzisokera yekha. Pokwera basi, mnyamata wa chipala uja anati athandize. Anamugwira kumsana n'kumukankhira m'mwamba mwaulemu. Atatsika, mtsikanayo anayenda msika wonse ali ndi zala zisanu zakuda zitadindika pamsana, chala chilichonse chikuoneka bwinobwino. Anthu anaseka. Mtsikanayo atauzidwa anasekanso, mpaka kukhala pansi. Koma mnyamatayo kuseka kwa mtsikanayo anakuika gulu limodzi ndi kwa anthu ena aja. Anayang'ana zikhatho zake, zakuda, za zipsera, zolimba ngati chikopa cha nsapato, n'kuzilowetsa m'matumba. Zinakhala m'menemo zaka makumi anayi.

Mwana anabadwa ndithu, mmodzi, wamkazi, choncho tisakokomeze. Koma masana dzuwa likuswa mtengo palibe amene anawaonapo awiriwa atagwirana. Akamayenda, mayi amakhala patsogolo, bambo pambuyo ndi sitepe imodzi. Akafuna kuwapatsa kanthu, amakaika patebulo. Chikondi chawo chonse chinkadzera kuchipala. Chigwiriro cha poto chikangoyamba kugwedera, mawa lake chinali chatsopano. Mashini osokera a mayiwo anali ndi mwendo wachitsulo umene a Mbaniro anausula kawiri, poti woyamba unkalira. Mayiwo ankathokoza nthawi zonse, ndipo ngati ankafuna china choposa apo, sankachitchula.

Nyamakazi inalowa m'nyumbamo mwakachetechete. Poyamba inali singano imene inkapulumuka m'zala. Kenaka sizasi inayamba kukana. Tsiku lina mayiwo anatseka mashini n'kuwafunditsa nsalu ngati mwana wogona. Zala zinapindika, mfundo zake zinatupa, ndipo batani la bulauzi linasanduka mdani wa m'mawa uliwonse. Ankavala juzi pamwamba ngakhale kukutentha, kuti asaoneke kuti sanamange. Tsitsi ankalibisa mumpango. A Mbaniro ankaziona zonsezi ndi kona ya diso, n'kumamenya chitsulo mwamphamvu kuposa m'mene chinkafunira.

Ndiye m'mawa wina ketulo inapulumuka, madzi otentha n'kuthira phazi la mayiwo. Mwana wawo uja, amene tsopano ndi mphunzitsi kutauni ina yakutali, anafika mawa lake. Anayang'ana bandeji, anayang'ana juzi, anayang'ana bambo ake.

"Ababa, inu tsiku lonse muli kushedi. Amayi sangamange batani, sanganyamule kapu. Lero ndi phazi, mawa chidzakhala chiyani? Sukulu ikatsekera ndibwera ndi galimoto kudzawatenga."

A Mbaniro ankaidziwa nyumba ya mwanayo. Ili pamwamba pa nyumba zina, ili ndi kachipinda kamodzi kapadera, ndipo ukayatsako makala eni malo atha kukuitanira apolisi. Malo a mayi analipo. Malo a mmisiri wosula zitsulo panalibe.

"Ukadzabwera udzawapeza akuchita zonse okha."

"Ndikadzawapeza akutha, ndidzawasiya," anayankha mwanayo. "Akadzalephera, musadzandikanize."

Sukulu inali kutsekera pakatha masabata atatu. Mwanayo atapita, mayiwo anatembenukira kwa amuna awo.

"Nonse awiri simunandifunse," anatero.

"Simupita, amake mwana. Ndikupangirani zida."

Makasu a anthu anadikira. Mageti anadikira. A Mbaniro anatenga kapu ya akazi awo, ija ya maluwa ofiira yong'aluka pang'ono pamlomo, n'kupita nayo kuchipala ataikulunga m'thaulo. Anaiyeza m'mimba, anaiyeza kutalika, anasula mbaniro ya milomo yozungulira yoikumbatira bwinobwino, n'kuivekanso mphira wa chubu cha njinga kuti isaterereke. Anayeza batani la bulauzi n'kupanga kambaniro kolikokera pabowo. Anayeza chipeso n'kuchipangira chopanira cha mpini wautali. Anapanga ina yotolera zinthu pansi, ya mano atatu kutsogolo ndi limodzi kumbuyo, kutengera mphunzitsi wawo wa m'ngalande uja. Chilichonse chikatha, ankachipukuta, n'kukachiika patebulo.

"Yesani," ankatero, n'kubwerera kushedi msangamsanga, ngati munthu amene wasiya kalata ya chibwenzi.

"Zikomo, abambo ake. N'chokongola."

Madzulo akamaweruka ankapeza mabatani ali omanga, tsitsi lili lopesa, juzi ili pamsomali. Mtima unkakhala m'malo. Anayambanso kuimba mluzu, zimene anthu a mumsewumo sanazilandire ndi manja awiri, poti a Mbaniro nyimbo amadziwa imodzi.

Mwanayo anafika Loweruka m'mawa, tiyi asanamwedwe, ali ndi sutikesi yopanda kanthu. Anapeza mayi ake atakhala pampando wawo, bulauzi yosamanga, tsitsi lili nyankhalala. A Mbaniro sanade nkhawa. Anayala nsalu patebulo n'kundandalika zida zonse monga amachitira adokotala. Anathira tiyi m'kapu ya maluwa, anaiveka mbaniro yake, n'kubwerera m'mbuyo, manja m'matumba.

"Muonetseni, amake mwana."

Mayiwo anayang'ana mbaniroyo, anayang'ana amuna awo. Anatambasula dzanja. Mipini yake inali yotalikirana, monga zimakhalira mbaniro zonse za pakhoma paja, zoyenera chikhatho chachikulu chimene chakhala chikufinya zitsulo moyo wonse. Zala zopindika zija zinafika pampini umodzi, winawo osaufika. Anabweretsa dzanja lachiwiri. Anafinya ndi manja onse, milomo ataluma. Kapu inanyamuka pang'ono, inanjenjemera, n'kuyamba kupendekera kumiyendo yawo.

Panalibe nthawi yosankha mbaniro. A Mbaniro anangozindikira kuti manja awo atuluka m'matumba okha, agwira kapu, agwira ndi manja a mayiwo omwe. Tiyi anatayikira pazala zawo, koma chikopa chimene chinazolowera makala sichidandaula ndi tiyi. Chimene anamva chinali china. Anamva mfundo zotupa zija, iliyonse payokha. Anamva kuchepa kwa manjawo, ndi kuzizira kwake. Apa m'pamene anaona chimene anachita. Anayeza kapu, anayeza batani, anayeza chipeso. Milomo ya mbaniro iliyonse inali yokwana ndendende. Mbali inayo, imene mwini wake amagwira, sanayeze, chifukwa kuti ayeze anafunika kugwira dzanja.

"Zala zanu n'zozizira," anatero, mawu ali pansi.

"Sizinayambe lero."

Anafuna kubweza manja. "Ndikudetsani."

"Sopo alipo, abambo ake. Wakhalapo zaka makumi anayi."

Sanabweze. Anakweza kapu pamodzi ndi manja anali m'kati mwa awowo mpaka pakamwa pa mayiwo, ndipo mayiwo anamwa, osafulumira, ngati munthu amene sakufuna kuti tiyi athe. Mwanayo anapeza choti ayang'ane padenga.

"Nanga mabatani a masiku onsewa?" anafunsa a Mbaniro. "Nanga tsitsi?"

"Mbaniro yake ndine," anayankha mawu kukhomo la kuseri. A Wayilesi anali ataima pamenepo, chipeso chawo m'manja, monga ankachitira m'mawa uliwonse bambo akangotuluka. "Achemwali anga anati tisakuuzeni, mungasiye kuimba mluzu. Ine ndinati bola musiye."

A Mbaniro anaika kapu patebulo, anakankhira zida zonse kumbali, n'kugwada patsogolo pa mpando. Zala zimene zimapinda chitsulo cha geti zinakumana ndi batani la bulauzi, ndipo batani linapambana kawiri. Kachitatu linalowa, koma pabowo la mnzake. Anamasula n'kuyambiranso, thukuta lili kamukamu pamphumi. Mabatani asanu anawatengera nthawi imene amasulira khasu. Atamaliza anatambasulira dzanja a Wayilesi, osawayang'ana, ndipo a Wayilesi anawapatsa chipeso.

"Muyambire kunsonga, alamu. Si waya ameneyo."

Mwanayo anadikira mpaka tsitsi litagona, ngakhale linagona mopendekera kumanzere. Mphunzitsi salola yankho la theka.

"Zaoneka, ababa. Koma amayi sanachite okha. Nanga mukakhala kushedi?"

"Shedi ili masitepe makumi awiri kuchokera pano. Ndizitsekula tiyi akatha, mabatani akamangidwa. Ketulo ndi yanga. Mpando wa amayi akowu uzipita nane, pali mthunzi pakhomo paja." Kenaka anatuluka n'kubwerako ndi chibuma cha dongo lonyowa, lija amamatira ng'anjo. Analiika m'chikhatho cha akazi awo, n'kutseka zalazo pang'onopang'ono ndi zawo. "Finyani pamene mungathere. Osapitirira." Atatsekula, dongolo linali ndi mizere inayi yokhotakhota ndi kadzenje ka chala chachikulu. Analiyang'anitsitsa monga anayang'anira nkhanu ija. "Mipini yonse ndisulanso. Muyeso ndi uwu."

Mwanayo anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, inuyo mukuti bwanji?"

"Wakumbukira kufunsa?" Mayiwo anasisita batani la pamwamba, limene linali ndi kachidindo kakuda. "Ndichoke lero, munthu atangoyamba kumene kuphunzira ntchito? Amulangiza ndani?"

Mwanayo anaseka, kenaka anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Ananena kuti tchuthi chinacho abweranso, ndipo akadzapeza bandeji ina sipadzakhala zokambirana. Sutikesi inabwerera m'galimoto ili yopepuka monga inabwerera.

Makolowo anamuperekeza mpaka pamphambano, pamene panaima galimotoyo. Pobwerera, msewu wonse unaona chinthu chimene sunaonepo. A Mbaniro ankayenda pambali pa akazi awo, osati pambuyo, atawagwira dzanja. Kunena zoona ankaligwira ngati chitsulo chongochoka pamoto, chigongono chili kutali ndi thupi, maso ali pomwepo kuti lisagwe. Pamkono wa bulauzi panali patadindika kale zala zisanu. Wometa tsitsi anaimitsa lumo m'mwamba. Wogulitsa malasha anavula chipewa, osadziwa chifukwa chake.

A Wayilesi anali pakhonde pawo, ndipo anadikira mpaka awiriwo atafika pa kamlatho kaja, kuti amve bwino ndi anthu ena omwe.

"Alamu, zaka makumi anayi mukutha makala kusula mbaniro, chonsecho ziwiri zabwino munabadwa nazo. Nkhanu ija inali ndi nzeru kuposa inu."